BLACKBURN IKABWERA KU DEEPDALE, WOCEMERERA PRESTON AFUNA CIPAMBANO

Mpira wa ku England umene anthu ambiri a m'midzi amaumva pa wailesi ndi wa matimu ochuka a Premier League, monga Arsenal, Liverpool ndi Manchester United. Koma pansi pa ligi imeneyo pali ina ya gawo laciwiri, yochedwa Championship, ndipo m'menemo ndimo muli masewera amene anthu a m'cigawo ca Lancashire amawayembekeza ndi mtima wonse, pamene Preston North End ilandira Blackburn Rovers pa bwalo la Deepdale. Matimu awiriwa anakumana m'ligi imeneyi nyengo iri yonse kuyambira mu 2018 kufikira mu 2025. Tsono tsiku limene Blackburn idzapondanso pa Deepdale, wocemerera Preston ali ndi pempho limodzi kwa anyamata ake: alowe m'bwalo kukafuna cipambano, aleke kukhutira ndi kufanana mphamvu. Pempho limeneli ndi loyenera, ndipo zifukwa zake ziri poyera.

Coyamba ayenera kudziwika ndi macitidwe a ligi imeneyi. Muli matimu 24, ndipo iri yonse imasewera masewera 46 kuyambira mu Ogasiti kufikira kuciyambi kwa Meyi. Wopambana amalandira mapointi 3, ofanana mphamvu amalandira imodzi imodzi, wogonja amabwerera cimanjamanja. Matimu awiri otsiriza pamwamba amakwera kunka ku Premier League. Malo acitatu amalimbirana ndi matimu otsatira pa masewera a cipulula, amene otsiriza ake amacitikira pa Wembley mu London. Atatu a kumcira amatsikira m'gawo lacitatu. Anthu a m'dziko lino si alendo m'gawo limeneli. Mu 1969 a Emment Kapengwe ndi a Freddie Mwila analembedwa ndi Aston Villa, imene nthawi imeneyo inali m'gawo laciwiri, ndipo mphunzitsi amene anawatenga, a Tommy Docherty, anali atasewerera Preston zaka zambiri paunyamata wao.

Mizinda ya Preston ndi Blackburn ndi yoyandikana, kutalikirana kwake ndi makilomita ngati 16. Yonse iwiri inakula ndi nchito yoomba nsalu za thonje, ndipo anthu a m'mafakitale ndiwo anali oyamba kudzaza mabwalo a mpira Loweruka masana atawerukako. Pamene ligi yoyamba ya mpira pa dziko lapansi inakhazikitsidwa mu 1888 ndi matimu 12, Preston ndi Blackburn zinali pomwepo. Mdani wamkulu wa Preston ndi Blackpool, ndipo wa Blackburn ndi Burnley, koma cinansi cimenecinso ciri ndi ukali wake. Wogonja sabisala, pakuti Lolemba m'mawa akumana ndi wopambana m'basi imodzi, mwinanso pa nchito imodzi.

Wocemerera Preston ali ndi mbiri yoti anyadire. M'nyengo yoyamba ija ya 1888 mpaka 1889 timu yake inasewera masewera 22, inapambana 18, inafanana mphamvu 4, ndipo siinagonje ngakhale kamodzi. Caka comweco inatenganso cikho ca FA pogonjetsa Wolverhampton Wanderers 3-0, osalola cigoli ciri conse m'mpikisano wonsewo. Inatenganso ligi mu 1890, ndi cikho ca FA mu 1938. Pambuyo pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse kunabuka a Tom Finney, mbadwa ya mumzindamo, munthu wa nchito yokonza mipope ya madzi, amene anasewerera England masewera 76 namwetsa zigoli 30. Iwo anasiya mpira mu 1960, ndipo caka cotsatira, mu 1961, Preston inatsika m'gawo loyamba.

Kuyambira pamenepo papita zaka zoposa 60 timuyi isanabwerere pamwamba. Mwana amene anaonerera a Finney atakhala pa phewa la atate ake lero ndi nkhalamba ya zidzukulu. M'zaka zimenezi Preston inafika potsiriza yaciwiri kucokera kumcira m'gawo lacinai mu 1986, ndipo inacita kupempha matimu anzake kuti ikhalebe m'ligi. Inadzukanso nifika pakhomo peni peni pa Premier League kawiri, koma citseko cinatsekedwa: mu 2001 inagonja 3-0 kwa Bolton Wanderers pa masewera otsiriza a cipulula, ndipo mu 2005 inagonja 1-0 kwa West Ham United. Copweteka koposa n'cakuti anansi onse analawako za pamwambapo. Blackburn, Bolton, Burnley ndi Wigan zinasewera mu Premier League, ndipo ngakhale Blackpool, mdani uja, inakwera mu 2010.

Bwalo la Deepdale laonanso maphwando a eni ake ena. Mu Meyi 2001 Blackburn inabwera pomwepo nipambana 1-0 ndi cigoli ca Matt Jansen, ndipo cigoli cimeneco ndico cinaibwezera ku Premier League. Alendo anabvina usiku umenewo pa khomo la mwini, mwini mudzi ali kupenya. Mu Epulo 2024 Leicester City, timu imene munali Patson Daka wa ku Kafue, inagonjetsa Preston 3-0 pa bwalo lomwelo nitsimikiza ukatswiri wa Championship. Munthu amene amangokonzera anzake bwalo la gule, iye osabvinako, ali ndi cifukwa cokwanira cofunira kuti tsiku lina ng'oma ikhale yake.

Mbiri ya Blackburn inayenda njira ina. Timuyi inakhazikitsidwa mu 1875, ndipo inatenga cikho ca FA kasanu ndi kamodzi, komaliza mu 1928. Mu 1991 inagwa m'manja mwa a Jack Walker, mpondamatiki wa malonda a zitsulo amene anali wocemerera timuyi kuyambira ubwana wao. Iwo anamanganso bwalo la Ewood Park, analemba a Kenny Dalglish kukhala mphunzitsi, nagula Alan Shearer mu 1992 pa mtengo umene unaposa mitengo yonse ya osewera m'dziko la Britain nthawi imeneyo. Mu 1995 Blackburn inatenga Premier League, Shearer atamwetsa zigoli 34. A Walker anamwalira mu 2000. Mu 2010 timuyi inagulidwa ndi kampani ya Venky's ya ku India, ya malonda a nkhuku, ndipo mu 2012 inatsika. Pa masewera amene anaitsitsa, ocemerera okwiya anaponya nkhuku yamoyo m'bwalo. Mvula ikakuona litsiro siikata: mu 2017 Blackburn inagweranso m'gawo lacitatu, ngakhale inabwerera caka cotsatira.

Akulu ena a ku Preston amaloza nkhani imeneyi ndi kunena kuti kudekha ndiko kwabwino, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Mau aowo ali ndi nzeru, ndipo sayenera kunyozedwa. Championship ndi ligi imene yameza matimu ambiri ofuna kulemera msanga. Matimu otsika ku Premier League amapitiriza kulandira ndalama zowathandiza kwa zaka ziwiri kapena zitatu, motero amagula osewera amene anzao sangawakwanitse. Ena pofuna kulingana nao amakongola koposa mphamvu zao. Derby County inalephera kubweza ngongole mu 2021, inalandidwa mapointi 21, nitsika mu 2022. Bury, timu yakale ya kufupi ndi Manchester, inacotsedwa m'ligi mu 2019 cifukwa ca mabvuto a ndalama. Preston, imene kwa zaka zambiri inacirikizidwa ndi a Trevor Hemmings kufikira imfa yao mu 2021, siinagwe m'dzenje lotere, ndipo kuyambira pamene inakwera mu 2015 pogonjetsa Swindon Town 4-0 pa Wembley inakhala zaka khumi zotsatizana m'gawo laciwiri osatsika.

Koma kusamala thumba la ndalama ndi nkhani ya mu ofesi, ndipo sikuyenera kulowa m'miyendo ya osewera. Umboni wake uli m'nyengo ya 2024 mpaka 2025. Pa masewera 46 Preston inapambana 10, inagonja 16, ndipo inafanana mphamvu 20. Inatsiriza pa nambala 20 ndi mapointi 50, pointi imodzi yokha pamwamba pa Luton Town imene inatsika, ndipo inapulumuka pa tsiku lotsiriza leni leni. Masamu ake ndi apafupi. Masewera 20 ofanana mphamvu anabala mapointi 20. Timu ikadalimba mtima pa masewera omwewo, nipambana 10 ndi kugonja 10, ikadakolola mapointi 30. Kuopa kugonja ndiko kunatsala pang'ono kuigwetsa. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Ndiponso kusowa cuma cambiri sikutseka njira. Huddersfield Town inakwera mu 2017, ndipo Luton Town inakwera mu 2023 iri ndi kabwalo kopanikizika pakati pa nyumba za anthu, kocepa kuposa Deepdale kutali. Matimu amenewa analibe mpondamatiki wonga a Walker. Anali ndi mphunzitsi wodziwa cimene afuna ndi osewera osaopa dzina la mnzao. Preston yomwe inasonyeza mtima wotere mu 2025, pamene inafika m'ndime ya matimu 8 otsiriza a cikho ca FA kwa nthawi yoyamba kucokera mu 1966, isanagonje kwa Aston Villa.

Masewera a anansi awiriwa amasonyezanso kuti wolimba mtima ndiye amadya. Mu Novembala 2018 Preston inapambana 4-1 pa Deepdale. Mu Okutobala 2019 Blackburn inatsogola ndi zigoli ziwiri kuciyambi kwa masewera, koma eni bwalo sanataye mtima, ndipo anatembenuza zinthu napambana 3-2. Mu Epulo 2022 Blackburn inabwezera pogonjetsa Preston 4-1 pa khomo pake, ndipo mu Disembala caka comweco Preston inakabweza cipongweco ndi zigoli zomwezo pa Ewood Park. Pa masewera otere mndandanda wa ligi suthandiza kulosera. Timu imene yagwira mpira pakati pa bwalo ndi kuponda mnzake mosalekeza ndiyo imatuluka iri kuseka.

Tsono wocemerera adzayang'ana zinthu zitatu. Coyamba ndi mphindi 15 zoyambirira. Ocemerera a Blackburn amabwera zikwi zingapo, pakuti ulendo ndi waufupi, ndipo amaikidwa kuseri kwa golo m'cigawo cochedwa ndi dzina la a Bill Shankly, amene anasewerera Preston asanakachuke monga mphunzitsi wa Liverpool. Alendo akamwetsa msanga, phokoso lao limadzaza bwalo ndipo eni ake amakhala ngati ndiwo alendo. Caciwiri ndi mipira ya pakona ndi ya cilango. M'ligi ya matimu olingana mphamvu zigoli zambiri zimacokera pamenepo, ndipo ochinga kumbuyo akagona kamphindi kamodzi nchito ya tsiku lonse yaonongeka. Cacitatu ndi zimene mphunzitsi adzacita ikakwana mphindi ya 70 zigoli ziri zofanana. Akalowetsa wosewera wakutsogolo, wocemerera adzadziwa kuti pempho lake lamveka. Akalowetsa wochinga wina kuti asunge pointi imodzi, adzadziwa kuti matenda akale akalipo.

Pali cenjezo limodzi loyenera kunenedwa mosabisa. Kulimba mtima kumasiyana ndi ndeu. Mu Seputembala 2024 matimu awiriwa anakumana pa Deepdale, ndipo masewera anatha 0-0, timu iri yonse itataya wosewera mmodzi ndi khadi lofiira. Pa masewera omwewo Milutin Osmajić wa Preston analuma Owen Beck wa Blackburn, ndipo pambuyo pake bungwe la mpira la England linamletsa kusewera masewera 8. Mkwiyo wa kamphindi unamana timu womwetsa zigoli wake kwa milungu yambiri. A Tom Finney, amene cifanizo cao ciri kunja kwa bwalo limenelo, anasewera zaka zonse zija osalandira cenjezo kwa woyimbira, ngakhale ochinga ankawachera miyendo Loweruka liri lonse. Wobvala malaya oyera a Preston ayenera kukumbukira zimenezi.

Ocemerera a timuyi ali ndi mwambo wochedwa Gentry Day. Kamodzi pa caka amabvala masuti ndi zipewa zakuda zozungulira, napita pamodzi ku masewera a kwa eni, kukumbukira anzao amene anamwalira. Ambiri a okumbukiridwawo anapita kumanda asanaone timu yao mu Premier League, komabe sanaisiye kukatsata Manchester United kapena Liverpool, zimene mabwalo ake ali pa ulendo wa ola limodzi cabe. Anthu otere alipira kale mbali yao ndi ndalama za pakhomo, ndi maulendo a m'cisanu, ndi zaka zao.

Kugonjetsa Blackburn tsiku limodzi sikudzakweza Preston, pakuti mapointi ake ndi 3 monga a masewera ena onse. Koma timu imene ilephera kulimba mtima pamaso pa mnansi, pa bwalo lake, anthu ake atadzaza mipando, siidzalimba mtima pa Wembley. Cifukwa cake wocemerera akhoza kukhululukira kugonja kwa anyamata amene anafuna cigoli kufikira wezulo wotsiriza, koma sayenera kuombera m'manja 0-0 wina. Mphunzitsi ndi osewera amve pempho limeneli asanatuluke m'cipinda cobvalira.