Za Makolo ndi Ana: Phunziro la Zigoli 71

Mwezi uno tikambe za mpira wa miyendo, pakuti nkhani imeneyi yautsa mikangano m'mabanja ambiri. Kuno ku Misuku, kumene malo achidikha ndi osowa chifukwa cha mapiri, bwalo la pasukulu silisowa anyamata madzulo. Mwana akamwetsa zigoli ziwiri pa mpikisano wa masukulu, makope amayamba kumlemera. Atate ake nawo, poona zimenezi, amaletseratu mpira namtumiza kumunda wa khofi. Onse awiri angapindule atalingalira za moyo wa a Kinnah Phiri.

A Phiri anabadwa m'chaka cha 1954. Anatchuka akusewera m'timu ya Bata Bullets ya ku Blantyre, ndipo m'timu ya dziko lathu anamwetsa zigoli 71, chiwerengero chimene palibe Mmalawi wina wachifikira. Mu 1978 iwo ndi anzawo anapata chikho cha maiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa atagonjetsa Zambia 3-2, ndipo mu 1979 anakachitenganso ku Kenya. Achikulire amene anamvera masewerowo pa wailesi sanaiwale chimwemwe chake.

Koma taonani ichi: zaka zawo m'timu ya dziko sizinakwane khumi. Mphamvu ya miyendo ili ngati mame, sichedwa kukamuka. Atasewerako ku Swaziland, dziko limene lero likutchedwa Eswatini, a Phiri anatembenukira ku ntchito yophunzitsa mpira. Mu 2004 anafikitsa Bullets m'gulu la matimu asanu ndi atatu otsiriza pa mpikisano wa akatswiri a mu Africa. Mu 2008 anapatsidwa timu ya dziko, naitsogolera ku Angola mu 2010, patapita zaka 26 Malawi asanaonekenso pa mpikisano wa maiko a mu Africa. Kumeneko anyamata awo anagonjetsa Algeria 3-0. Zowawa nazo anazilawa, pakuti Angola ndi Mali anatigonjetsa, ndipo mu 2013 udindowo unawachokera. Komabe sanapinde manja. Anakaphunzitsa Free State Stars ku South Africa ndiponso Mbeya City, kutsidya kwa Songwe wathuyu.

Tsono inu anyamata, werengani zaka. Tsiku lija Algeria inagonja, a Phiri anali ndi zaka 55, ndipo sanaponde mpira ngakhale kamodzi. Ntchito yonse inagwiridwa ndi mutu. Mphunzitsi wa mpira masiku ano ayenera kukhala m'kalasi, kulemba mayeso ndi kulandira setifiketi. Wosewera nayenso ayenera kuwerenga yekha kalata ya pangano asanasaine, kuopa kudyeredwa masuku pamutu. Iye wothawa sukulu ali mu Sitandade 7 chifukwa cha mpira akudzitsekera yekha khomo limene adzalifuna miyendo ikadzatopa.

Ndipo inu makolo anzanga, kumbukirani fanizo la matalente pa Mateyu 25. Wodzudzulidwa m'fanizomo ndi kapolo amene anakwirira chopatsidwa chake. Luso la mwana ndi mphatso yochokera kwa Mulungu, ndipo ife tinangoikizidwa. Mbande ya khofi timaidikira zaka zitatu isanabale. Ikaphuka nthambi zosokonekera timaitengulira, sitiizula. Chomwechonso ndi mwana wokonda mpira.

Nchifukwa chake ndikupempha kuti m'banja lililonse mukhale pangano lomveka. Ntchito ya kusukulu ndi ya pakhomo ithe poyamba, tsiku la Sabata mwana apezeke m'nyumba ya Mulungu, ndipo akasunga zimenezi aloledwe kupita kubwalo ndi mtima woyera. Tsiku la mpikisano, atate kapena amayi apite akamuonere. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Ambuye atipatse nzeru zolerera mphatso zimene waika m'nyumba zathu.