Dzina la katundu wako ndi chuma, lilembetse

Amalonda anzanga, tiyeni tiuzane chilungamo. Ku Chiradzulu anthu akugwira ntchito ndithu. Alimi a ng'ombe akukama mkaka, pa Mbulumbuzi pali tomato ndi ndiwo zamasamba zochuluka, ndipo magulu a amayi ayamba kupanga chiponde ndi uchi wa m'mabotolo n'kumatapo dzina lawolawo. Koma ndi angati mwa iwo amene analembetsa dzinalo?

Ambiri amati, "Ife tinalembetsa kale bizinesi." Ayi, abale. Kulembetsa dzina la bizinesi ndi chinthu china, kulembetsa chizindikiro cha katundu ndi chinanso. Ngakhale chidindo cha Malawi Bureau of Standards chimangotsimikiza kuti katundu ndi wabwino, sichiletsa munthu wa ku Limbe kusindikiza pepala lofanana ndi lanu n'kumata pa chiponde chosakaniza ndi ufa. Wogula akanyansidwa nacho amatukwana inu, wakubayo ali phee.

Lamulo lilipo. M'chaka cha 2018 dziko lino linakhazikitsa lamulo latsopano la zizindikiro za malonda m'malo mwa lija la nthawi ya atsamunda. Ukalembetsa dzina kapena chithunzi cha katundu wako ku ofesi ya boma yoona zimenezi, chimakhala chako kwa zaka 10, ndipo ukhoza kuwonjezeranso zaka zina. Wina akachigwiritsa ntchito popanda chilolezo, umapita naye kukhoti uli ndi chikalata m'manja. Ofuna kugulitsa kunja ali ndi njira ya bungwe la ARIPO la ku Harare, komanso Madrid Protocol imene Malawi analowamo mu 2018 momwemo.

Taonani mpunga wa Kilombero. Dzina linatchuka chifukwa cha thukuta la alimi a ku Karonga, koma lero m'misika mpunga uliwonse akuutcha Kilombero. Amene akudya phindu la dzinalo si mlimi.

Ena anena kuti kulembetsa n'kodula. Zoona, ndalama zimalowa. Koma lamulo lomweli limalola gulu kapena kopaletivi kulembetsa chizindikiro chimodzi cha onse, n'kugawana mtengowo. Chenjezo n'lakuti dzina la malo lokha, monga "Chiradzulu", munthu mmodzi sangalitenge kukhala lake. Pangani dzina lanulanu losafanana ndi la wina, fufuzani kaye ngati linalembetsedwa kale, kenaka musindikize mapepala.

Inu ophunzira za malamulo ndi zamalonda, pa holide pitani mukathandize makolo kulemba mafomu amenewa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Dzina losalembetsa, mawa mudzalipeza pa botolo la wina.