Chinsinsi cha Wodwala pa Kompyuta za ku Queens

Kuyambira 2006, olandira ma ARV pachipatala cha Queen Elizabeth mu Blantyre amalembedwa pa kompyuta zomwe anayambitsa a Baobab Health. 

Koma kabuku ka kuchipatala wodwala amabwerera nako kwawo ku Ndirande kapena ku Bangwe, pomwe za pa kompyuta zimatsalira m'manja mwa ena. Lamulo la Data Protection Act la 2024, loyang'aniridwa ndi bungwe la MACRA, limateteza mwapadera mbiri ya umoyo wa munthu. Lamulo la HIV la 2018 nalonso limaletsa kuulula za magazi a munthu mwini wake asanavomere.

Ngakhale kiliniki yaing'ono ya ku Limbe ikukhudzidwa ndi malamulowa. Namwino aliyense akhale ndi password yakeyake, ndipo zotsatira za wodwala zisaponyedwe m'magulu a WhatsApp.