Matenda a Mudzi ndi Ufa Woyera

Mwezi uno mutikhululukire, pakuti tikamba nkhani imene sitchulidwa pamaso pa apongozi. Nkhani yake ndi ya matenda a mudzi, aja otupitsa pakhomo potulukira chimbudzi.

M'chaka cha 2023, nyengo yosankha fodya, tinali pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi kufupi ndi Nsaru. Bambo wina, mlimi wa mphamvu zake, anakhala chammbali pa benchi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Titawafunsa anati, "Ndi msana, aphunzitsi." Patapita masabata atatu tinamva kuti awatengera kuchipatala usiku pa ngolo atataya magazi ambiri. Anali atapita mwakachetechete kwa munthu wina amene anadula chotupacho ndi lumo. Anachira, koma ndalama za mabelo awiri zinathera pomwepo, ndipo akazi awo anadziwa za matendawa usiku womwewo, ngakhale kuti bambowo anali atavutika nawo zaka zinayi.

Kodi mudzi n'chiyani? Kumapeto kwa matumbo kuli timitsempha ta magazi timene munthu aliyense anabadwa nato, ndipo ntchito yake ndi kuthandiza kutseka khomo lija. Munthu akamatchima kwambiri chifukwa cha chimbudzi cholimba, magazi amadzazana m'timitsemphato, timatupa, ndipo pang'ono ndi pang'ono timatsika. Pamenepo mpamene munthu amamva kuyabwa kapena kupweteka, amaona magazi ofiira atatha kudzithandiza, mwinanso kanyama kotuluka kunja. Si kulodzedwa, si matenda opatsirana, ndiponso si chilango cha chiwerewere monga ena amanenera. Amayi oyembekezera amawadwala kawirikawiri chifukwa mwana amapsinja mitsempha ya m'chiuno. Amunanso onyamula matumba olemera, ndi onse okhala pansi tsiku lathunthu, monga atelala ndi oyendetsa galimoto, sawaphonya.

Tsono gwero lalikulu la kudzimbidwa lili pa mtondo ndi pa chigayo. Taganizani zimene timachita ndi chimanga chathu. Timachikonola, timapeta, mphale timaiviika m'madzi masiku awiri kapena atatu, timaiyanika, kenaka timagayitsa ufa woyera mbee. Gaga yense timapatsa nkhumba ndi nkhuku, wina timagulitsa kwa otcheza kachasu. Komatu m'gagamo ndi mmene muli chimene madokotala amachitcha fibre, ndiye kuti timakoko ta mbewu timene m'mimba simugaya. Timakoko timeneti timamwa madzi m'matumbo, n'kuchititsa chimbudzi kukhala chofewa ndi chotuluka chokha popanda kutchima. Nkhumba zathu zikudya bwino kuposa eni ake.

Dokotala wina wa ku Ireland, Denis Burkitt, anagwira ntchito ya opaleshoni ku Uganda kwa zaka pafupifupi 20 kuyambira mu 1946. Iye anaona kuti anthu a kumidzi, odya mapira, nyemba, mbatata ndi nthochi, sankabwera kawirikawiri ndi matenda a m'matumbo amene anali ofala ku England, kumene anthu ankadya buledi woyera ndi shuga wambiri. Mu 1979 analemba buku lolangiza anthu a ku Ulaya kuti abwerere ku zakudya zosakonola. Lero madokotala akudziwa kuti mudzi umapezekanso kumidzi, koma langizo lake likadalipobe: munthu wamkulu asowa magalamu 25 mpaka 30 a fibre pa tsiku. N'zodabwitsa kuti Azungu anaphunzira kwa ife, ife n'kumataya.

Tikudziwa chifukwa chake mgaiwa sukondedwa. Umatikumbutsa nsima ya ku sukulu zogonera komweko, ya kundende, ndiponso njala ya 2002 pamene mabanja ambiri a kuno anadya gaga chifukwa chosowa china. Mayi wophikira alendo nsima ya mgaiwa amaopa kuti adzanenedwa kuti ndi waulesi. Ife sitikuti mutaye ufa woyera lero lomwe. Yambani ndi phala la mgaiwa lothira nsinjiro m'mawa. Masana sakanizani ufa woyera ndi mgaiwa theka ndi theka. Ana amadandaula sabata imodzi, kenaka amaiwala. Koma posakonola chimanga muzisankha bwino, kuchotsa chowola ndi chankhungu chonse, ndipo muzigayitsa pang'ono pang'ono chifukwa mgaiwa suchedwa kuwawa.

Za ndiwo sitingadandaule, pakuti dera lathu kuchokera ku Mpingu mpaka ku Nambuma ndi la mtedza, nyemba, khobwe, nzama ndi soya. Dzinja lili ndi bonongwe, chisoso, nkhwani, khwanya ndi denje, zina zomera zokha m'mizere. Chilimwe chili ndi mfutso kwa mayi amene anafutsa. Therere ndi bwenzi lenileni la wodwala mudzi. Mbatata muitsuke bwino, muiphike ndi kuidya ndi khungu lake. Papaya, magwafa, mango ndi masuku tazisandutsa zakudya za ana, ndipo bambo wamkulu amachita manyazi kuoneka akudya papaya pakhonde, koma sachita manyazi kudya chipisi ndi zakumwa zotsekemera pa msika wa Namitete. Wosazolowera nyemba aziwonjezera pang'ono pang'ono, kuopa mpweya m'mimba.

Zonsezi popanda madzi n'zachabe, mwinanso zingawonjezere kudzimbidwa. Ambiri a ife timamwa madzi pokhapokha tikatha kudya nsima. Mlimi amalawirira kumunda ndi khasu lokha, n'kubwera dzuwa lili paliwombo asanamwe kanthu. Makapu 8, kapena malita 2, ndiwo muyeso wabwino, ndipo m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala afunika oposa pamenepo. Thobwa limathandiza. Mowa umaumitsa thupi. Tsabola sayambitsa mudzi, ngakhale kuti ena amamva kutentha potuluka; amene amamva choncho achepetse.

Pali china chimene ife aphunzitsi timachiona tsiku ndi tsiku. Mwana akapempha kutuluka ndipo mphunzitsi n'kumukaniza, kapena akapeza zimbudzi za pasukulu zili zauve, amaphunzira kudzigwira mpaka madzulo. Chimbudzi chikakhalitsa m'matumbo chimauma. Chizolowezi chimenechi amakula nacho. Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, tisamutsekere. Ndipo inu achinyamata amene mumalowa m'chimbudzi ndi foni n'kukhalamo theka la ola, dziwani kuti kukhalitsako kumatupitsa mitsempha ija. Mphindi zisanu zakwana. Ngati sizikutheka, tulukani, mukayende, mudzabwerenso. Kunjuta monga tichitira pa chimbudzi chokumba n'kwabwino, ndipo amene ali ndi chimbudzi cha madzi aziika kampando pansi pa mapazi.

Amene mudzi wamutupira kale athire madzi ofunda, osati otentha, m'beseni loyera, akhalemo mphindi 10 mpaka 15, kawiri kapena katatu pa tsiku. Akatha kudzithandiza atsuke ndi madzi, asakhule ndi zitsononkho kapena mapepala olimba. Asapakepo mafuta a galimoto, phulusa kapena mankhwala oyaka a pamsika. Mayi woyembekezera amene mapiritsi owonjezera magazi akumudzimbitsa asawasiye, koma akauze anamwino ku sikelo.

Chomaliza ndi ichi, ndipo n'cholemera. Si magazi onse otuluka kumusi amene ali a mudzi. Khansa ya m'matumbo imayambanso motero. Choncho aliyense woona magazi, makamaka wopyola zaka 40, akaonedwe ndi dokotala ngakhale kamodzi. Athamangire kuchipatala ngati chimbudzi chili chakuda ngati phula, ngati akuonda, ngati m'maso mwayera ndipo akuchita chizungulire, kapena ngati chotupa chatuluka n'kukana kubwerera. Chipatala cha St Gabriel's ku Namitete chilipo kuyambira 1959, cha Kabudula chili pafupi, ndipo zikavuta amatumiza ku Kamuzu Central.

Bambo a ku Nsaru aja tinakumana nawo pa chigayo mwezi wathawu atanyamula ndowa ziwiri, ina ya mphale, ina ya chimanga chosakonola. Anati ya mphaleyo ndi ya alendo.