Kachipewa ka ŵ: tisalole makina kutisankhira zilembo

Dzina la dziko lathu ndi la chilankhulo chathu lili ndi chilembo chimene ambiri tasiya kuchilemba: ŵ ya mu Malaŵi ndi Chicheŵa. Mukafunsa, ena amati chinatha ntchito. Koma mbali ina ya nkhaniyi ili m'makina.

Kompyuta sidziŵa zilembo, imadziŵa manambala basi. Choncho m'chaka cha 1963 ku America anakonza ndondomeko yotchedwa ASCII, imene inapatsa chilembo chilichonse nambala yake. A wamkulu, mwachitsanzo, ndi 65. Ndondomekoyi inali ndi malo 128 okha, ndipo onse anathera pa zilembo za Chingerezi, manambala, zizindikiro za m'kalembedwe ndi malamulo oyendetsera makina. Chilembo cha ŵ sichinapezemo mpando. Wotayipa pa makina otere analibe kuchitira mwina koma kulemba w wamba.

Zinthu zinasintha itabwera Unicode mu 1991. Ndondomeko imeneyi cholinga chake n'kupatsa nambala chilembo chilichonse cha padziko lapansi, ndipo ŵ ili nayo yake, 373. Sitili tokha pochifuna, chifukwa anthu a ku Wales amachigwiritsanso ntchito m'chilankhulo chawo. Komabe zipsera zakale zikadalipo. Mukatsegula chikalata n'kupeza "MalaÅµi", dziŵani kuti kompyutayo yaŵerenga manambala a ŵ ndi ndondomeko yolakwika. Pa foni namo, uthenga umodzi wa SMS umanyamula zilembo 160, koma mukaikamo ŵ imodzi yokha malire amatsika kufika pa 70. Uthenga wautali umagaŵika, mayunitsi n'kumapita. Ndani angalimbikire chilembo chomudyera ndalama?

Ena anganene kuti palibe chotayika, popeza olankhula Chicheŵa ambiri masiku ano salekanitsa w ndi ŵ pakamwa. Mfundo imeneyi ndi yomveka. Ngati eni chilankhulo ndi akatswiri a ku Centre for Language Studies ku Zomba atagwirizana kuti chilembochi chipume, ine ndilibe mlandu nazo. Chimene ndikukana n'chakuti chigamulo chotere chichokere ku kupereŵera kwa makina a zaka za m'ma 1960, amene okonza ake sankaganizako za ife. Tikumbukirenso kuti m'Chitumbuka ŵ ndi chilembo cha tsiku ndi tsiku. Mawu ngati "ŵanthu" ndi "ŵana" amayamba nacho.

Nkhaniyi ikutikhudza kwambiri ife amene tikuphunzira zauphunzitsi kuno ku Ntcheu. Maŵa ndife tidzatayipe mayeso, manotsi ndi mayina a ana. Mwana amakhulupirira zimene waona papepala la aphunzitsi. Akapanda kuchionapo chilembochi, adzakula akuganiza kuti kachipewako ndi kadontho ka inki m'mabuku a agogo ake.

Chofunika si ndalama ayi. Mu Microsoft Word, lembani 0175 kenako dinani Alt ndi X pamodzi, ŵ ituluka. Posunga chikalata, sankhani UTF-8 pamene pali mwayi wosankha. Ndipo pophunzitsa za makompyuta, tisamangoloŵezetsa ana kuti A ndi 65. Tiwafunse kuti anasankha zilembo 128 zija ndani, nanga anasiya za yani. Mwana amene wayankha funso limeneli wamvetsa kompyuta, ndipo wadziŵanso kuti chilankhulo chake chili ndi malo m'menemo.