Mapanga awiri avumbwitsa, koma amayamba kunyowa ndani?

Mwambi wakuti mapanga awiri avumbwitsa ana ambiri amauloweza kusukulu, ndipo akafunsidwa tanthauzo lake amayankha msanga kuti wofuna zinthu ziwiri nthawi imodzi amataya zonse. Yankholi ndi loona, koma ndi loperewera. Mlenje wothamanga pakati pa mapanga awiri mvula ili kugwa sakhala yekha kawirikawiri. Pambuyo pake pamakhala anyamata amene anawatenga kuuzimba, ndipo iwowa ndiwo amayamba kunyowa. Mbali imeneyi ya mwambiwu ikuoneka bwino m'nkhani ya nyumba ya malamulo ya Senate ya chigawo cha New York, m'dziko la America.

Dziko la America lili ndi zigawo 50, ndipo chilichonse chili ndi bwanamkubwa ndi aphungu akeake, kuwonjezera pa aja a ku Washington. Aphungu a New York amakumana mumzinda wa Albany, m'nyumba ziwiri: ya Assembly, ya mipando 150, ndi ya Senate, imene mu 2009 inali ndi mipando 62, ndipo chiyambire chisankho cha 2012 ili ndi 63. Bilu siikhala lamulo nyumba ziwirizi zisanaivomereze. Ku Malawi nyumba yotere inalembedwa m'malamulo oyendetsera dziko a 1994, koma inachotsedwamo mu 2001 isanakumaneko ngakhale tsiku limodzi. Tsono mphamvu ya Senate ya ku Albany yagona pa mtsogoleri wa chipani chokhala ndi aphungu ambiri. Iyeyo ndiye amagawa mipando ya makomiti, ndiponso ndiye amanena bilu yoti ikambidwe ndi bilu yoti igone m'kabati. Motero munthu akamaponya voti amasankha zinthu ziwiri pakamodzi: phungu wa dera lake, ndi chipani choti chigwire makiyi a nyumba yonse.

Pachisankho cha November 2008 chipani cha Democratic chinapeza mipando 32, cha Republican 30. Aka kanali koyamba kuti a Democratic alamulire nyumbayi chichokere 1965, ndipo a Malcolm Smith anakhala mtsogoleri. Chimwemwe chake sichinatenge theka la chaka. Pa 8 June, 2009, aphungu awiri a Democratic, a Pedro Espada Jr. ndi a Hiram Monserrate, anavota limodzi ndi a Republican kuchotsa a Smith, n'kuika a Dean Skelos kukhala mtsogoleri ndi a Espada omwewo kukhala pulezidenti wa nyumba. A Democratic anatuluka, magetsi anazimitsidwa, zitseko n'kukiyidwa. Patangopita sabata imodzi a Monserrate anabwerera kumene anachokera, mbali zonse n'kukhala 31 ndi 31.

Mwamalamulo, mavoti akafanana chonchi wachiwiri kwa bwanamkubwa ndiye amamasula mfundo. Koma mpando umenewu unali wopanda munthu, pakuti mwini wake, a David Paterson, anakwera pa ubwanamkubwa mu March 2008 a Eliot Spitzer atatula pansi udindo. Zotsatira zake zinali zoseketsa ndi zochititsa manyazi zomwe. Akulu anati atambala awiri salira m'khola limodzi, koma ku Albany analira: tsiku lina mbali ziwirizi zinachititsa misonkhano iwiri m'chipinda chimodzi pa nthawi imodzi, yense ndi wapampando wake. Pa 30 June phungu wa Republican, a Frank Padavan, anangodutsa m'chipindamo kukatenga chakumwa, ndipo a Democratic anawawerenga ngati abwera kumsonkhano kuti chiwerengero chikwane. Tsiku lomwelo lamulo lopatsa meya wa mzinda wa New York udindo woyang'anira sukulu linatha mphamvu, popeza panalibe nyumba yoti iliwonjezere masiku. Awa ndiwo anyamata aja onyowa kunja kwa phanga.

Pa 8 July a Paterson anasankha a Richard Ravitch kukhala wachiwiri wawo, ndipo m'mawa mwake a Espada anabwerera ku Democratic. Sanabwerere chimanjamanja kapena mozyolika. Anapatsidwa udindo wa mtsogoleri wa chipani cholamula m'nyumbamo. Mwana womva nkhaniyi angafunse ngati mwambi uja sunaname, poti wothamanga pakati pa mapanga ndiye anatuluka wouma, atavala ndi chilemba chatsopano. Mwambi sunaname, kungoti miyambi siyendera koloko. A Monserrate anachotsedwa m'nyumbamo ndi aphungu anzawo mu February 2010 chifukwa cha mlandu wovulaza munthu umene khoti linawapeza nawo wolakwa. A Espada anagonja pachisankho chachipulula mu September 2010, ndipo mu 2013 analamulidwa kukhala kundende zaka zisanu chifukwa choba ndalama za chipatala chimene ankayendetsa. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Cholakwa cha anthu awiriwa chimamveka bwino pochiyerekeza ndi mwambo wa ufumu wa Achewa. Mfumu siidzilonga yokha. Amayi a mbumba ndi akuluakulu a banja ndiwo amakhala pansi n'kuloza munthu, ndipo wolozedwayo amalowa dzina limene analipeza, limenenso adzalisiya. Dzinalo si mbuzi yake yoti angapite nayo kumsika. Mfumu itadzuka m'mawa n'kunena kuti mudzi wake wausamutsira kwa gulupu wina chifukwa kumeneko aiika pampando wapamwamba, mbumba ingaifunse kuti inapangana ndi yani. Phungu naye ali chimodzimodzi. Anthu a ku Bronx ndi a ku Queens amene anasankha a Espada ndi a Monserrate anaona dzina la chipani pambali pa dzina la munthu, navotera zonse ziwiri. Phungu ali nawo ufulu wotsutsa chipani chake pa bilu imene chikumbumtima chake chaikana, ndipo wochita zimenezo ayenera ulemu. Koma kunyamula makiyi a nyumba yonse n'kukawapereka kwa amene anagonja ndi kugulitsa khasu lobwereka.

Chodandaulitsa n'chakuti ena anaphunzirapo kuchita zomwezo mwaulemu ndi mwadongosolo. Mu January 2011 aphungu anayi a Democratic, motsogozedwa ndi a Jeff Klein, anapanga kagulu kawo kotchedwa Independent Democratic Conference. Pachisankho cha 2012 aphungu oimira Democratic anapambana mipando 33 mwa 63, komabe nyumba sinapite m'manja mwawo, chifukwa kaguluka kanagwirizana ndi a Republican, a Klein n'kugawana utsogoleri ndi a Skelos. Phungu winanso wa ku Brooklyn, a Simcha Felder, anakakhala ndi a Republican payekha. Ndipo taonani za dziko: a Malcolm Smith, aja anagwetsedwa mu 2009, nawonso analowa m'kagulu komweko.

Oikira kumbuyo kaguluka ali ndi mfundo yosati n'kuinyoza. Amati chipwirikiti cha 2009 chinaonetsa kuti a Democratic sanali okonzeka kulamulira, ndipo kuti mgwirizanowu unabweretsa bata, nutheketsa malamulo ena aphindu, monga la 2016 lokweza malipiro otsikitsitsa pang'onopang'ono kufika madola 15 pa ola. Zimenezi n'zoona. Koma mwana amene wapatsidwa ndalama ya mchere, iye n'kubwera ndi shuga, sapulumuka ponena kuti shuga ndi wokoma. Akanafuna mgwirizano wotere, akanaunena poyera pamisonkhano ya kampeni, anthu n'kuvota akudziwa kumene voti yawo ikukagona.

Malawi anayesa kutseka khomo limeneli ndi lamulo. Gawo 65 la malamulo oyendetsera dziko limapatsa Sipikala mphamvu yolengeza kuti mpando wa phungu wosintha chipani ulibe munthu. Komabe a Bingu wa Mutharika atachoka mu UDF mu 2005 n'kuyambitsa DPP, aphungu ambiri anawatsatira, mkangano wa gawoli unakafika kukhoti lalikulu la apilo ndi kuchedwetsa bajeti ya 2007, koma osamukawo anakhalabe pamipando mpaka chisankho cha 2009. Lamulo lolembedwa linalipo, koma oligwiritsa ntchito anamangidwa manja ndi ziletso za makhoti.

Ku New York kulibe lamulo lotere, ndipo amene anaweruza mlanduwu ndi eni mipando. Kagulu ka a Klein kataona mitambo kanadzithetsa mu April 2018, koma kunali kutachedwa. Pachisankho chachipulula cha September chaka chomwecho, asanu ndi mmodzi mwa aphungu ake asanu ndi atatu anagonja, ndipo a Klein eni ake anagwetsedwa ndi mayi Alessandra Biaggi, amene anali asanakhalepo phungu. Mu November a Democratic anatenga nyumbayo ndi mipando yambiri, ndipo mu January 2019 mayi Andrea Stewart-Cousins anakhala mzimayi woyamba kuitsogolera. M'mwezi womwewo inatulutsidwa m'kabati bilu ya Child Victims Act, yopatsa anthu amene anachitidwa nkhanza zogonana ali ana nthawi yotalikirapo yokasuma kukhoti. Biluyi inakhala zaka zambiri ikudutsa ku Assembly koma osaloledwa kufika povotera ku Senate. Tsiku limene inaloledwa, aphungu onse 63, a zipani zonse ziwiri, anaivomereza, osapezeka ndi mmodzi yemwe woikana.