Lole yakale ya asilikali ikhale ndi nambala yakeyake

Cimanga cikalowa m'matumba, malole akale amadzuka m'midzi ya ku Katete, Sinda ndi Vubwi. Ena mwa iwo anali a boma kapena a asilikali, monga IFA ya ku East Germany imene inaleka kupangidwa mu 1990. Ndi olimba, ndipo amadutsa pamene ma Canter amatitimira. Ndiwo amapereka mbewu ku depoti ya FRA, kunyamula maliro, ngakhale kwaya popita ku parishi ina.

Koma abale, tisanakwere tiziyamba tayang'ana nambala.

Zilembo monga GRZ, ZP ndi ZAF ndi za boma, apolisi ndi asilikali a ndeke. Sizigulitsidwa pamodzi ndi galimoto. Lole ikagulidwa ndi munthu wamba iyenera kulembetsedwa ku RTSA, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la pamsewu la 2002. Mwini wake alandire nambala ya anthu wamba ndi white book ya dzina lake, alipire msonkho wa msewu ndi inshuwalansi, ndiponso lole ipimidwe ngati ndi yoyenera kuyenda.

Ena akuti, "Lole yanga imangoyenda m'munda, mapepala ndi a ciyani?" Tikumva, ndalama ndi yovuta. Koma palibe lole imene imathera m'munda. Mawa lake imakhala ili pa Great East Road kapena pa msewu wa ku Chanida, anthu atakhala pamwamba pa matumba. Mabuleki akakana, ovulala akagonekedwa ku St Francis, adzalipira ndani? Lole yopanda nambala yoona ilibe inshuwalansi yoona, ndipo mwini wake ndi wovuta kumutsata. Wolira amakhala mlimi ndi mkazi wamasiye.

Conco apampando a makopaletivu ndi akulu a mpingo, musanapereke ndalama ya hayala, pemphani kuona white book ndi inshuwalansi, muone ngati nambala zikugwirizana ndi ya pa lole. Kufunsa si cipongwe.

Nawonso a RTSA atithandize. Kucoka ku Vubwi ndi lole yokalamba kukapimitsa ku Chipata ndi ulendo wodya mafuta ambiri. Azibwera okha m'maboma athu kukolola kusanayambe, tsiku lake lilengezedwe m'machalichi ndi pa wailesi.

Malole awa tikuwafuna ndithu. Koma pamene anacoka m'manja mwa boma analowa pansi pa lamulo lomwe limatimanga tonsefe.